Kodi Mapanga Aŵiri Avumbwitsadi?

M'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya ndi ku America muli amisiri ena amene ntchito yawo sitiitchula kaŵirikaŵiri, chonsecho zipatso zake timazigwira m'manja tsiku ndi tsiku. Ketulo ya pamoto, simbi yositira zovala, wailesi, mpando wa m'basi, ngakhale cholembera cha mwana wa sukulu, zonsezi zisanatuluke m'fakitale zimayamba zakhala chithunzi papepala. Pamakhala munthu amene adakhala pansi naganiza kuti chogwirira chipindike motani kuti dzanja lisapse, chivundikiro chikule bwanji, ndiponso kuti chinthucho chidzaoneke chotani pamaso pa wogula. Ameneyu ndiye mmisiri wolinganiza maonekedwe a katundu wa m'fakitale. Adaphunzira zaka zambiri, amalandira malipiro abwino, ndipo anthu amampatsa ulemu.

Tsono pali ena mwa amisiri ameneŵa amene akaŵeruka Lachisanu sausiya umisiri wawo mu ofesi. Loŵeruka m'mamaŵa amavala ovolosi yothimbirira, nanyamula kope lodzaza ndi zithunzi pamodzi ndi thumba la zitini za penti wopopera, napita kukajambula pakhoma. Zojambula zoterezi pa dziko lonse zimadziŵika ndi dzina loti graffiti. Apa mpamene pamabuka mkangano. Achibale amati munthuyo akuchititsa banja manyazi. Anzake akuntchito amati wophunzira sayenera kuchita za anyamata a mumsewu. Akuluakulu amaponya mwambi, amati mapanga aŵiri avumbwitsa. Ife patsamba lino tikuti maganizo ameneŵa ngolakwika, ndipo kulakwika kwake nkwakukulu, pakuti ndi maganizo omweŵa amene amathyola mapensulo m'manja mwa ana athu asanadziŵe nkomwe chimene manja awowo angathe kuchita.

Tiyambe ndi funso ili: kodi mapangawo alipodi aŵiri? Onani moyo wa Raymond Loewy, mmodzi mwa anthu amene adayambitsa ntchito yolinganiza katundu wa m'fakitale ku America. Iye adabadwira ku Paris m'chaka cha 1893, ndipo atafika ku New York mu 1919 sadaloŵe m'fakitale ayi. Ankadya za kujambula zithunzi za zovala m'magazini ndi kukongoletsa mazenera a masitolo. M'chaka cha 1929 adapatsidwa ntchito yokonzanso maonekedwe a makina ochulukitsira makalata a Gestetner, makina amene akuluakulu ambiri ogwira ntchito m'maofesi ndi m'masukulu akuwakumbukirabe ndi inki yake yakuda ija. Chizindikiro cha chigoba cha kampani ya mafuta ya Shell, monga chidakonzedwera mu 1971, chidachokeranso ku ofesi yake. Munthu ameneyu adafika pa makina kudzera pa pensulo. Mpaka lero, ngakhale makompyuta adadzaza m'maofesi, wophunzira ntchito imeneyi amauzidwa kuti ajambule pamanja chinthu chimodzi kambirimbiri, kuchiona kutsogolo, kumbali ndi pamwamba, kufikira dzanja litazoloŵera kutsata diso popanda kudodoma.

Nayenso wojambula pakhoma sangofika nkuyamba kupopera. Ali ndi kope lake lachikuto chakuda m'mene amayeserera zilembo ndi mitundu kwa masiku ambiri. Amayesa kukula kwa khoma, amaganizira kumene kuŵala kudzachokere, amasankha kuti mtundu uti uyambe pansi ndi uti udze pamwamba. Nanga si ntchito yomweyo imene mmisiri uja amachita Lolemba m'maŵa? Phanga ndi limodzi, abale, makomo ndiwo aŵiri. Amene amati kujambula pakhoma kumaononga luso la mmisiri akunga munthu woletsa mlimi kudzala ndiwo zamasamba kudimba poopa kuti angaiŵale kulima chimanga.

Koma pali chinthu china chimene khoma limampatsa mmisiriyo chimene fakitale singathe. Kuntchito iye sajambula zofuna mtima wake. Woŵerengera ndalama amati chitsulo chichepe, wa makina amati mzere wokhota chotere sungatuluke m'chikombole, wogulitsa amati mtundu uwu sukuyenda malonda. Chithunzi chimene chidayamba ndi moyo chimametedwa mbali zonse, ndipo chinthucho chikatuluka m'fakitale zikwizikwi, dzina la wochilinganiza silioneka paliponse. Sitikunena kuti zimenezi nzoipa. Ndimo ntchito ya anthu ambiri imayendera, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tikungoti munthu wogwira ntchito yotere kwa zaka zambiri akhoza kusanduka ngati makina omwewo, akapanda kupeza malo ena pamene mzere ungapite kumene iye akufuna. Pakhoma amajambula ndi mkono wonse, mwinanso ndi thupi lonse, atakwera makwerero. Amajambula chinthu chimodzi chokha chimene sichidzagulitsidwa m'sitolo, chimene wodutsa ndi njira, wolemera ndi wosauka yemwe, adzachiona mwaulere. Amadziŵanso kuti dzuŵa ndi mvula zidzachifafaniza, kapena mnzake adzajambula china pamwamba pake. Kodi munthu wotaya tsiku lathunthu kupanga chinthu chokondweretsa anthu osawadziŵa, popanda kulandirapo tambala, ndiye timutche wosokonezeka?

Ndi bwino tidziŵenso kuti kachitini kameneka nkamwana ka fakitale yomweyo. M'chaka cha 1949, Edward Seymour wa ku Sycamore m'chigawo cha Illinois adathira penti wa aluminiyamu m'chitini chokhala ndi mpweya wopanikizidwa, ndipo akuti nzeruyo adampatsa ndi mkazi wake. Cholinga chake chidali malonda basi. M'kati mwa chitinicho muli kanthu kolimba kobulungira kamene kamalira pochikhutchumula. Ntchito yake nkusakaniza penti. Pamwamba pali kamlomo kamene kamalamula kukula kwa mzere. Anyamata oyamba a ku New York, poona kuti kamlomo ka pachitini cha penti nkochepa, ankazula timilomo ta zitini za mankhwala otsukira mbaula nkumatiika pa zitini zawo kuti mzere utambasuke. Amenewo sadapite kusukulu ya zaumisiri, koma adachita zimene mmisiri aliyense woona amachita: adayang'ana chida, naona pamene chikupereŵera, nachikonza. Kugwiritsa ntchito chitinicho sikophweka ayi. Ukayandikiza kwambiri penti amayenderera, ukatalikitsa amauluka ndi mphepo, ukachedwetsa dzanja khoma limalira misozi. Ndipo fungo lake ndi loopsa m'mapapo, nchifukwa chake odziŵa ntchito amavala chotchinga kumphuno ndi kukamwa.

Tsopano tifike pa chinyengo chimene chatiŵaŵa mtima kufikira kulemba nkhani ino. Kulemba maina pamakoma kudayamba kutchuka ku Philadelphia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pa 21 July 1971 nyuzipepala ya New York Times idalemba za mnyamata wina wotumikira makalata amene ankalemba paliponse dzina loti TAKI 183. Kuchokera pamenepo sitima zoyenda pansi pa nthaka mumzindawo zidadzaza ndi zolemba. Mu September 1983 apolisi a m'sitimazo adagwira Michael Stewart, mnyamata wakuda wa zaka 25, pomuganizira kuti ankalemba pakhoma la pasiteshoni. Adafika kuchipatala ali womangidwa ndi wokomoka, ndipo patapita masiku 13 adamwalira. Apolisi asanu ndi mmodzi adazengedwa mlandu, koma mu 1985 bwalo lidawapeza osalakwa. Mnyamata wina wa mumzinda womwewo, Jean-Michel Basquiat, amene nayenso adayambira pa kulemba pamakoma, adajambula chithunzi chokumbukira imfa imeneyi. Basquiat adamwalira mu 1988 ali ndi zaka 27 zokha. M'mwezi wa May 2017 chithunzi chake china chidagulidwa pa okushoni ku New York pa mtengo wa madola 110.5 miliyoni.

Taganizirani bwino, inu aŵerengi. Mzinda umodzi, luso lochokera m'misewu imodzimodzi: wina adafera m'manja mwa apolisi, wina zithunzi zake zikupachikidwa m'nyumba za mpondamatiki. Zoterezi sizidathere pomwepo. Ku Bogotá, likulu la dziko la Colombia, wapolisi adawombera napha Diego Felipe Becerra, mnyamata wa zaka 16, mu August 2011, pamene mnyamatayo ankajambula pakhoma. Ndipo mpamene anthu atakwiya, mzindawo mu 2013 udakhazikitsa malamulo olola zojambulazi m'malo ena. Kodi padafunika mtembo wa mwana kuti akuluakulu akhale pansi nkuganiza? Dziko limene limanyoza luso likakhala m'manja mwa wosauka, nkuligwadira likaloŵa m'nyumba ya malonda, silikuŵeruza luso ayi. Likuŵeruza thumba la munthu. Ndipo amene amauza mmisiri wophunzira kuti asadetse manja ndi za anyamata a mumsewu akunena zomwezo m'mawu aulemu: vuto lawo ndi anyamatawo, penti alibe naye mlandu.

Komabe tisakhale ngati oimira mlandu amene amabisa umboni wowatsutsa. Otsutsana nafe ali ndi mfundo imodzi yolimba, ndipo tikuivomereza ndi mtima wonse: nyumba ya mwini saotchera mbeŵa. Mayi wamasiye amene adasunga ndalama miyezi yambiri kuti apake laimu khoma la golosale yake, nadzuka m'maŵa napeza dzina la munthu wosamdziŵa litalembedwa pamenepo, walakwiridwa. Ngakhale zilembozo zikongole chotani, iye waberedwa. Anthu a ku New York amene ankakwera sitima zosaoneka kunja chifukwa mazenera adapakidwa penti sadali adani a luso. Ambiri adali antchito osauka, ndipo ndalama zotsukira sitimazo zinkachokera m'misonkho yawo yomwe. Pamene akuluakulu a sitimazo adalengeza mu May 1989 kuti sitima yotsiriza yolembedwalembedwa yachotsedwa panjanji, anthu ambiri adapuma, ndipo sitingawadzudzule. Choncho mmisiri amene tikumuikira kumbuyo pano ndi uja amene amagogoda pakhomo, naonetsa mwini khoma chithunzi cha m'kope mwake, nadikira yankho. Akakanidwa amapita kwina. Amene amabwera usiku ngati fisi, ngakhale akhale ndi madigiri angati, ameneyo tilibe naye mawu omuteteza.

Koma onani kuti mfundo imeneyi ikutsutsa kujambula popanda chilolezo, sikutsutsa kujambula kwenikweniko. Ndipo pali mzinda umene udaona kusiyana kumeneku msanga. M'chaka cha 1984 mfumu ya mzinda wa Philadelphia, Wilson Goode, idakhazikitsa bungwe lolimbana ndi zolembalemba za pamakoma. Bungwelo lidalemba ntchito mayi wina wojambula, Jane Golden, ndipo iye m'malo mothamangitsa anyamatawo adapita kukacheza nawo, naona makope awo, nawaitana kuti adzajambule naye zithunzi zikuluzikulu masana, eni makoma ndi anthu a m'deralo atavomereza. Ntchito imeneyo idakula nkukhala bungwe la Mural Arts, limene lapanga zojambula zoposa 4,000 mumzindawo. Anyamata omwe aja amene ankatchedwa oononga adasanduka okongoletsa mzinda. Chidasintha si manja awo; adangopeza munthu wamkulu wowafunsa kuti, kodi m'kopemo muli chiyani?

Chilolezo nachonso chili ndi udindo mbali zonse ziŵiri. Ku Long Island City, m'dera la Queens ku New York, kudali nyumba yaikulu yakale ya fakitale yotchedwa 5Pointz. Mwini wake, Gerald Wolkoff, adalola ojambula kuti azijambula pamakoma ake kwa zaka pafupifupi makumi aŵiri, ndipo alendo ankachokera kutali kudzaona. Atafuna kugwetsa nyumbayo kuti amange nyumba zogona zamakono, sadadikire. Usiku wa pa 19 November 2013 adatuma anthu kukapaka penti woyera pamwamba pa zithunzizo. Ojambulawo adakasuma potsata lamulo la mu 1990 loteteza ntchito za amisiri a zithunzi, limene limafuna kuti mwini nyumba apereke chenjezo la masiku 90 kuti zimene zingachotsedwe zichotsedwe. Mu February 2018 woŵeruza Frederic Block adalamula kuti Wolkoff alipire madola 6.75 miliyoni kwa ojambula 21 chifukwa cha zithunzi 45, ndipo mu 2020 mabwalo apamwamba adasiya chigamulocho chili chomwecho. Palibe adakana kuti nyumbayo idali yake. Chimene bwalo lidanena nchakuti thukuta la munthu amene udamulola wekha kugwira ntchito pakhoma lako si fumbi loti ungosesa usiku.

Mwina wina afunsabe kuti, phindu lake nchiyani? Kodi zithunzi za pakhoma zidachiritsapo munthu? Imvani nkhani iyi. Ku Los Angeles kudali wojambula pamakoma wotchuka, Tony Quan, wodziŵika ndi dzina loti Tempt. Mu 2003 adapezeka ndi matenda oumitsa ziŵalo otchedwa ALS, ndipo patapita nthaŵi thupi lake lonse lidaleka kugwira ntchito, kungotsala maso okha. Mu 2009 kagulu ka amisiri a makompyuta ndi olinganiza zipangizo, ena mwa iwo okonda graffiti monga Evan Roth ndi James Powderly, pamodzi ndi Zachary Lieberman ndi anzawo, adamanga chipangizo chotchedwa EyeWriter. Adatenga magalasi wamba otsika mtengo, namangirirapo kamera yaing'ono ya maseŵera a pakompyuta, nalemba pulogalamu yotsata kuyenda kwa diso. Tempt, ali chigonere pabedi, adajambulanso zilembo zake ndi maso, ndipo anzakewo ankaziŵalitsa usiku pamakoma a nyumba zazitali za mumzindawo. Kapangidwe ka chipangizocho adakapereka kwaulere kuti aliyense athe kudzipangira, ndipo magazini ya Time idachiika pa mndandanda wa zinthu 50 zopambana zopangidwa mu 2010. Chipangizo chimenechi sichidabadwire mu ofesi ya kampani yoŵerengera phindu. Chidabadwa chifukwa amisiri ena ankadziŵa kuŵaŵa kwa munthu wolandidwa khoma lake. Akadamvera uphungu woti asiye zachibwana, bwenzi wodwala uja atakhala chete mpaka kumanda.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya kutali, koma ife a kuno sitiyenera kuchita ngati kujambula pakhoma nchinthu chachilendo chobwera ndi ndege. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira adajambula Akafula, zoyera adajambula makolo athu Acheŵa, ndipo zambiri mwa izo zimakhudza chinamwali ndi miyambo ina. Amayi akumudzi mpaka lero amazira ndi kukongoletsa zipupa ndi dothi lamitundumitundu, ndipo palibe amawatcha oononga. Tsono tayendani m'matauni ndi m'misika yathu muone amene akulankhula pamakoma masiku ano. Masitolo athunthu apakidwa mitundu ya makampani a mafoni, a sopo ndi a zakumwa, kuyambira pansi mpaka kudenga. Zimenezo tidazizoloŵera, sitidandaula. Eni masitolo adavomera, inde, ndipo nkoyenera kutero. Koma ngati khoma lingathe kuvomera kutiuza zoti tigule, lingalephere bwanji kuvomera chithunzi cha mayi wosenza mtsuko, cha asodzi pa nyanja, kapena cha agogo amene adakumba chitsime cha m'mudzimo?

Mawu athu otsiriza apite kwa inu makolo ndi aphunzitsi. Pafupifupi m'nyumba iliyonse muli mwana amene masamba akumapeto a kope lake la masamu ngodzaza ndi magalimoto, nsapato, nkhope za anthu ndi zilembo zopotanapotana. Kaŵirikaŵiri mwana wotere amalandira mbama, nauzidwa kuti akutha makope pachabe. Zoona, makope ngodula, ndipo masamu ayenera kuphunziridwa; mmisiri wolinganiza katundu amene sadziŵa masamu sangapange ngakhale chitseko. Koma m'mera mpoyamba. Dziko limene limagula kunja pafupifupi chilichonse, kuyambira ndoŵa mpaka njinga, lidzapeza kuti anthu olinganiza katundu wake, ngati ana onse ojambula tiwaletsa akali aang'ono? Mpatseni mwanayo mapepala ogwiritsidwa kale ntchito kuti ajambule kuseri kwake. Khalani naye pansi mumufunse chimene wajambula. Muphunzitseni kuti khoma la mnansi silikhudzidwa popanda kupempha, ndipo mukatero muonetseni khoma limene angathe kulikhudza: la khitchini, la khola la nkhuku, la mpanda wa kuseri.

Ndipo inu amene muli ndi makoma aatali a njerwa m'mbali mwa misewu, a masukulu, a zigayo, a nyumba zosungiramo katundu, amene chaka ndi chaka amangodetsedwa ndi fumbi ndi mapepala a zilengezo: tsiku lina wachinyamata akadzagogoda atanyamula kope lake, musamuthamangitse musanalitsegule. Muuzeni zimene simukufuna kuona pakhoma lanu, mugwirizane za nthaŵi imene chithunzicho chidzakhalepo, ndipo mukalonjeza musunge lonjezo. Kwa mmisiri uja wa ketulo ndi wailesi, amene Loŵeruka amavala ovolosi yake yothimbirira, tilibe chomudzudzula. Apemphe chilolezo, avale chotchinga kumphuno, ndipo ngati pali mwana waima chapatali akuyang'anitsitsa, amuitane adzagwire makwerero.